Selo Ndi Khomo Lomwe Ntchito Siitha

Ophunzira ambiri a kusekondale amadziwa kujambula selo mokongola: kabwalo, kadontho pakati, ndi timizere tolozera mayina. Koma mukawafunsa zomwe zikuchitika m'katimo, amangoti kakasi. Chithunzi cha pabolodi chimaonetsa selo lili phee, pomwe m'selo lamoyo muli piringupiringu usana ndi usiku.

Robert Hooke wa ku England ndiye anayamba kufotokoza za maselo mu 1665, atayang'ana kachidutswa ka khungwa la mtengo wa cork pa maikulosikopu. Anangoona zipupa za maselo akufa. Mu 1838 ndi 1839, Matthias Schleiden ndi Theodor Schwann anaonetsa kuti zomera ndi nyama zonse n'zopangidwa ndi maselo, ndipo mu 1855 Rudolf Virchow anatsindika kuti selo lililonse limabadwa kuchokera ku selo linzake. Thupi la munthu wamkulu lili ndi maselo pafupifupi 30 thililiyoni.

Kuti timve mmene selo limodzi limakhalira, tiganizire khomo la banja lakumudzi, lozingidwa ndi mpanda.

Mpandawo ndi cell membrane. Ntchito yake n'kusankha cholowa ndi chotuluka. Madzi ndi mpweya wa okosijeni zimadutsa mosavuta, koma shuga ndi mchere zimadzera pazipata zakezake. Madzi ali ndi khalidwe lake: amalowera mbali yomwe kuli mchere kapena shuga wambiri. Imeneyi ndiyo osmosis. N'chifukwa chake feteleza akathiridwa pafupi kwambiri ndi phesi, chimanga chimapsa. Michere ya fetelezayo imakoka madzi kuwatulutsa m'maselo a mizu.

Bwalo la pakhomo, pomwe ntchito zonse zimachitikira, ndi cytoplasm, yomwe mbali yake yaikulu ndi madzi. Pambali pali nyumba ya agogo, nucleus. Agogo satulukatuluka, koma ndiwo akusunga nzeru zonse za banja: kamangidwe ka nkhokwe, kaumbidwe ka mbiya, nthawi yoyenera kufesa. Nzeru zimenezi ndi DNA, ulusi womwe m'selo la munthu ndi wotalika pafupifupi mamita awiri ndipo wapindidwa mwaluso m'machromosome 46. DNA situluka m'nyumbamo. Pakafunika chinthu, malangizo ake okha amakoperedwa, ndipo mdzukulu wotumidwa, yemwe ndi RNA, amathamangira nawo kwa amisiri. Amisiriwo ndi maribosome, amene amalumikiza ma amino acid mmodzimmodzi mpaka kupanga puloteni. Insulin yoyendetsa shuga m'magazi ndi hemoglobin yonyamula okosijeni zimapangidwa mwa njira yomweyi.

Khomo lopanda moto ndi lakufa. Mafuwa a selo ndi mitochondria. Nsima yomwe mwadya imagayidwa n'kusanduka shuga, ndipo shugayo ndiye nkhuni. Mitochondria amamuwotcha pang'onopang'ono mothandizidwa ndi okosijeni, n'kutulutsa mphamvu yotchedwa ATP, pamodzi ndi madzi ndi mpweya woipa womwe timautulutsa popuma. Maselo ogwira ntchito yakalavulagaga, monga a minofu ya mtima, ali ndi mitochondria ambirimbiri. Chochititsa chidwi n'chakuti mitochondria ali ndi DNA yawoyawo, ndipo munthu amawatengera kwa amayi ake okha. Mafuwa amenewa amayenda ndi mbumba, kuchikazi.

Khomo la chomera lili ndi zinthu zitatu zomwe la nyama lilibe. Kunja kwa mpanda kuli linga lolimba la cellulose, lotchedwa cell wall. M'kati muli dimba, machloroplast obiriwira, momwe kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya woipa zimasandutsidwa shuga. Pomaliza pali mtsuko waukulu wa madzi, vacuole. Ukadzaza umakankha lingalo ndipo tsamba limaima nji. Ukaphwa, mpiru wa m'dimba umafota.

Makomo sakhala ofanana. Selo lofiira la magazi likakhwima limataya nucleus yake kuti mupezeke malo ambiri a hemoglobin. Popeza mulibe agogo opereka malangizo okonzera zowonongeka, limangokhala masiku pafupifupi 120, ndipo mafuta a m'mafupa amapanga ena atsopano osaleka. Ndi m'maselo amenewa momwe tizilombo ta malungo timabisala n'kuswana mpaka selo kuphulika, n'chifukwa chake wodwala malungo magazi amamuchepera. Mabakiteriya alibe nucleus, DNA yawo imangokhala pabwalo, koma ali ndi linga lawolawo. Penicillin amalepheretsa kumangidwa kwa lingalo, bakiteriya n'kuphulika, pomwe maselo athu, omwe alibe linga lotere, amapulumuka. Vairasi, monga yoyambitsa chimfine, si selo ndipo ilibe linga limeneli, choncho penicillin sangachize chimfine.

Fanizo lili ndi polekera pake. M'selo mulibe woganiza kapena wolamula. Zonse zimayenda potsata mmene tinthu ting'onoting'ono timagwirizanirana. Koma wophunzira amene amafunsa mbali iliyonse ya selo kuti ikugwira ntchito yanji, ndipo itasowa chingachitike n'chiyani, sadzavutika kuloweza mayina. Mafunso awiriwa adzamuthandiza pa mayeso a MSCE, komanso tsiku lomwe adzafune kumvetsa zomwe adokotala kapena alangizi a zaulimi akumuuza.