Tsitsi lidakafika kukhoti, lumo lidagonja

Tsiku lomaliza la holide, ometa tsitsi m'misika ya m'matauni sapuma. Kaya ndi pa Lunzu, pa Mponela, pa Jali kapena pa Ntaja, ana amakhala ndondondo pabenchi kudikira makina. Magetsi akathima, sizasi ndi lezala zimalowa m'malo.

Makolo sachita kuuzidwa. Mawa ndi sukulu, ndipo aliyense amene adadutsa m'kalasi m'dziko muno akudziwa kuti mutu wa tsitsi lambiri sudutsa bwino pa asembule. Ambiri akukumbukira mphunzitsi wa sizasi m'thumba, amene ankangotsegula kanjira pakati pa mutu kuti mwana akamalizitse yekha kunyumba.

Kwa mabanja ambiri kumeta ndi nkhani ya ndalama zochepa chabe. Koma kwa mabanja a chipembedzo cha Chirasta, sabata yotsegulira sukulu idali ya misozi kwa zaka zambiri. Kholo linkayenera kusankha chimodzi: kumeta mwana ndi kuphwanya chikhulupiriro, kapena kusunga tsitsilo mwana n'kukhala pakhomo anzake akuphunzira.

Nkhaniyi idathera m'manja mwa khoti. Pa 8 Meyi 2023, bwalo lalikulu la milandu ku Zomba lidagamula kuti kukakamiza ana a Chirasta kumeta madiredi asanalembedwe m'sukulu za boma n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko lino.

Woweruza milandu Zione Ntaba adati mchitidwewu, kaya udalembedwa penapake kaya sudalembedwe, umaphwanya ufulu wa mwana wa maphunziro ndi ufulu wa chipembedzo, komanso ndi tsankho. Iye adalamula unduna wa zamaphunziro kuti pofika pa 30 Juni chaka chomwecho ukhale utatumiza kalata m'sukulu zonse za boma yodziwitsa aphunzitsi kuti anawa azilandiridwa ndi tsitsi lawo.

Malipoti a nyuzipepala panthawiyo adati ana pafupifupi 1,200 ndiwo ankayembekezeka kupindula ndi chigamulochi.

Udayamba ndi ana awiri

Mlandu womwe udagwedeza unduna wonsewu sudayambe ndi chikhamu cha anthu. Udayamba ndi ana awiri. Wina adali mnyamata yemwe adakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo adasankhidwa kupita kusekondale ya Malindi ku Zomba. Winayo adali mtsikana yemwe ankafuna malo pasukulu ya pulaimale ya Blantyre Girls. Onse awiri adabwezedwa chifukwa cha tsitsi.

Kholo lililonse lomwe lidadikirapo zotsatira za Sitandade 8 likudziwa kulemera kwa nkhani ya mnyamatayu. Malo m'sekondale za boma ndi ochepa, ndipo ana ambiri amakhoza koma osasankhidwa. Mwana kupeza dzina lake pamndandanda, kenako n'kubwezedwa pachipata chifukwa cha zomwe zili pamutu osati zomwe zili m'mutu, ndi chinthu chowawa.

Makolo a anawa adakadandaula kukhoti mothandizidwa ndi bungwe la Southern Africa Litigation Centre, ndipo loya Chikondi Chijozi ndiye adawaimira. Mu Januwale 2020, Ntaba adapereka chiletso choti sukulu ziyambe zalandira ana a Chirasta podikira kuti mlandu weniweni uzengedwe. Padatenga zaka zina zitatu kuti chigamulo chomaliza chituluke.

Zaka zitatu kwa munthu wamkulu si kanthu. Kwa mwana wa sukulu ndi Folomu 1 mpaka Folomu 3.

Mlanduwu usanafike, mabanja a Chirasta opezako bwino ankatumiza ana awo kusukulu zomwe si za boma, komwe fizi imalipidwa teremu iliyonse. Osauka ankameta anawo mtima ukuwawa, pomwe ena ankangowasunga pakhomo. Izi zinkachitika m'dziko lomwe maphunziro a pulaimale adakhala aulere kuyambira 1994.

Bwanji osangometa?

Funso lomwe anthu ambiri amafunsa m'minibasi ndi m'misika ndi lakuti: tsitsi limaphukanso, nanga chovuta n'chiyani kungometa kuti mwana aphunzire?

Kwa Mrasta, madiredi si sitayilo yongokongoletsa. Chipembedzochi chidayambira ku Jamaica m'zaka za m'ma 1930, Haile Selassie atavekedwa ufumu ku Ethiopia mu Novembala 1930. Otsatira ake amatenga chiphunzitso cha tsitsi m'Baibulo, m'buku la Numeri mutu 6, pomwe pali lumbiro la Mnaziri, munthu wodzipatula kwa Mulungu amene saloledwa kumeta nthawi yonse ya lumbiro lake. Choncho kumuuza Mrasta kuti angometa zili ngati kumuuza wa Seventh Day kuti angogwira ntchito Loweruka limodzi lokha.

Chipembedzochi si chachilendonso kwenikweni kuno. Haile Selassie mwiniwake adafika m'dziko muno mu 1965, ndipo pamwamba pa phiri la Zomba pali malo otchedwa Emperor's View okumbukira ulendowo. Marasta amawalemekeza kwambiri malowa. Zidangochitika kuti mlandu wa ana awo udazengedwera m'tsinde mwa phiri lomwelo.

Kudana ndi tsitsi lalitali nako kuli ndi mbiri yake. M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linkayang'anira ngakhale kavalidwe ka anthu. Lamulo la Decency in Dress Act la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Alendo ena ankametedwa pabwalo la ndege asanalowe m'dziko.

Malamulo amenewa adachotsedwa pomwe ndale za zipani zambiri zinkabwera. Koma lamulo likafufutidwa m'buku, silifufutika tsiku lomwelo m'mitima mwa anthu. M'sukulu, maganizo oti mwana waulemu ndi wometa mpala adatsalira, ndipo aphunzitsi ankapatsirana ngati mwambo.

Zomwe malamulo akunena

Malamulo oyendetsera dziko lino, omwe adayamba kugwira ntchito mu 1994, ali ndi magawo angapo okhudza nkhaniyi. Gawo 25 limapereka ufulu wa maphunziro kwa munthu aliyense. Gawo 33 limateteza ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi chikhulupiriro. Gawo 20 limaletsa kusala munthu pazifukwa monga mtundu, chilankhulo, kulumala kapena chipembedzo.

Pamwamba pa zonsezi pali gawo 5, lomwe limati lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chosemphana ndi malamulo aakuluwa chilibe mphamvu. Apa ndi pomwe malamulo a pasukulu amagonjera. Mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu ngakhale unduna womwe ali ndi mphamvu yokhazikitsa malamulo, koma onsewo ali pansi pa malamulo oyendetsera dziko.

Palinso lamulo la zamaphunziro la Education Act la 2013, lomwe limati maphunziro a pulaimale m'sukulu za boma ndi aulere komanso okakamiza kwa mwana aliyense wosafika zaka 18. Apa boma lidadzimanga lokha. Silingakakamize kholo kutumiza mwana kusukulu ndi dzanja limodzi, kwinaku dzanja linalo likutseka chipata.

Aphunzitsi nawo ali ndi mfundo zawo zosafunika kuzinyoza. M'kalasi momwe ana amapitirira 100 pa mphunzitsi mmodzi, monga zimakhalira m'makalasi ang'onoang'ono a sukulu zambiri, mwambo ndi ukhondo si nkhani zamasewera. Nsabwe ndi zipere sizichedwa kufala. Yunifolomu ndi kumeta mofanana zimathandizanso kuti mwana wa wolemera ndi wa wosauka asasiyane kwambiri. Ena amaopa kuti ukalola mmodzi, mawa kalasi yonse ibwera ndi masitayilo a oimba ndi osewera mpira.

Malamulo oyendetsera dziko amavomereza kuti ufulu uli ndi malire. Gawo 44 limalola kuchepetsa maufulu ena, koma pokhapokha ngati kuchepetsako kwakhazikitsidwa ndi lamulo, kuli kwanzeru, kukugwirizana ndi mfundo za ufulu wa anthu zovomerezeka padziko lonse, komanso n'kofunikadi m'dziko la demokalase.

Muyeso umenewu ndi wovuta kuudumpha. Ngati vuto ndi ukhondo, tsitsi likhoza kuchapidwa, kumangidwa bwino kapena kuphimbidwa. Kuthamangitsa mwana ndi mankhwala oposa matenda.

Chigamulochi sichidathetse malamulo a pasukulu. Yunifolomu idakalipo, kufika mochedwa kudakali mlandu, ndipo mwana wa Chirasta wamwano amalangidwa ngati wina aliyense. Chomwe chidachotsedwa ndi kugwiritsa ntchito tsitsi la chipembedzo ngati chifukwa chomukanira malo.

Malawi sadali woyamba. Khoti la Supreme ku Zimbabwe lidagamula mlandu wofanana mu 2007 mokomera mnyamata wa pulaimale ku Harare. Chaka chomwecho khoti loona za malamulo oyendetsera dziko ku South Africa lidaikira kumbuyo mtsikana wa ku Durban yemwe sukulu yake inkamuletsa kuvala kandolo ka pamphuno malinga ndi chikhalidwe cha makolo ake ochokera ku India. Ku Kenya, khoti lidagamula mu 2019 kuti mtsikana wa Chirasta yemwe adabwezedwa pasukulu ina ku Nairobi abwerere m'kalasi ndi tsitsi lake.

Phunziro la ku Balaka

Si Marasta okha omwe adawombana ndi malamulo a kavalidwe. Mu Novembala 2019, kwa M'manga m'boma la Balaka kudabuka ziwawa pakati pa Asilamu ndi Akhristu pankhani ya hijabu, mpango womwe atsikana a Chisilamu amafunda kumutu. Sukulu ya kumeneko ndi ya mpingo wa Anglican. Anthu adavulala, katundu adawonongeka, ndipo maphunziro adaima.

Nkhani ya hijabu idali yovutirapo chifukwa cha momwe sukulu zambiri m'dziko muno zidakhalira. Zambiri zidamangidwa ndi mipingo ndipo malo ndi nyumba ndi za mpingo, koma aphunzitsi amalipidwa ndi boma kuchokera kumisonkho ya aliyense. Mpingo umati sukulu ndi yathu, tili ndi mwambo wathu. Kholo la Chisilamu limati sukulu yapafupi ndi yomweyi, ndipo msonkho nanenso ndimakhoma.

Malinga ndi kalembera wa 2018, Asilamu ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, ndipo m'maboma monga Mangochi ndi Machinga ndiwo ochuluka. M'madera otere mwana wa Chisilamu pasukulu ya mpingo si mlendo.

Apa njira idali ina. Bungwe la Public Affairs Committee, lomwe limasonkhanitsa zipembedzo zosiyanasiyana, lidakhazika pansi mbali zonse ziwiri. Mu 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu adasainirana mgwirizano wolola atsikana kuvala hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu ya pasukulupo.

Nkhani ziwirizi zidayenda njira zosiyana, ina kukhoti, ina pabwalo la zokambirana, koma zidakathera pamfundo imodzi: mwana asataye maphunziro chifukwa cha chikhulupiriro cha kwawo. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Balaka nzeru zidabwera mawindo atasweka kale.

Kholo lichite chiyani?

Chigamulo cha ku Zomba si cha Marasta okha. Ndi phunziro kwa kholo lililonse lomwe mwana wake wabwezedwa kusukulu pachifukwa chokayikitsa.

Poyambira ndi paofesi ya mphunzitsi wamkulu. Kholo lili ndi ufulu wofunsa modekha kuti lamulo lomwe mwana waphwanya ndi liti, ndipo lidalembedwa pati. Zikakanika pamenepo pali komiti ya sukulu ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi la PTA. Kupitirira apo pali mlangizi wa zamaphunziro wa m'dera, yemwe ambiri amamudziwa kuti PEA, kenako ofesi ya zamaphunziro kukhonsolo ya boma.

Kunja kwa unduna kuli bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi ofesi ya Ombudsman, omwe amalandira madandaulo a anthu popanda kulipiritsa. Kwa amene akufuna kupita kukhoti koma alibe ndalama za loya, kuli Legal Aid Bureau. Chofunika n'kusunga umboni: kalata yosankhidwira mwana, tsiku lomwe adabwezedwa, ndi zomwe adauzidwa.

Chachikulu ndi kusachedwa. Teremu imodzi yomwe mwana wakhala pakhomo siibwereranso, ndipo mwana wozolowera kumsika savuta kuiwala njira ya kusukulu. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

Khoti lingatsegule chipata, koma silingalowe m'kalasi kukaletsa ana kuseka mnzawo, kapena kuletsa mphunzitsi kumutchula wachamba mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cha tsitsi. Mbali imeneyo ili m'manja mwa aphunzitsi, komanso makolo ndi zomwe amayankhula pakhomo ana akumva. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Holide ikadzatha, ometa a pa Lunzu ndi pa Mponela adzakhalanso ndi mizere yawo ya masiku onse. Ana ena, ochepa, sadzakhala nawo pabenchipo. Iwo adzachapa tsitsi lawo, kulimanga bwino, n'kunyamula makope kulowera kusukulu, ndipo malamulo a dziko ali kumbali yawo.