Mafuta Akatsika Mtengo Chisankho Chili Pafupi: Dzanja la Boma Limaonekera Pati?

Mafuta akatsika mtengo chisankho chikuyandikira, mawu amene amamveka m'minibasi za ku Chelstone ndi ku Kabwata amakhala amodzi: "Akufuna mavoti basi." Onena zimenezi sakulakwa kukayikira, chifukwa anaonapo kale. Koma kuti tidziwe ngati kutsika kwina kuli kwa ndale kapena ayi, tiyenera kutsata lita imodzi kuchokera kudoko mpaka papampu, n'kuona amene amaikhudza panjira.

Poyambira pabwino ndi ku Heavy Industrial Area, m'mbali mwa msewu wa Mungwi, kumene kuli mathanki akuluakulu osungira mafuta a mzinda wa Lusaka. M'mawa mumapeza magalimoto onyamula mafuta atandandana mpaka kutali, ena a manambala a ku Tanzania, ena a ku Mozambique, madalaivala ali m'mbali ndi mapepala a katundu m'manja kudikira kuitanidwa pageti. Zambia sipopa mafuta akeake. Dontho lililonse la m'magalimoto amenewo linagulidwa kunja, ndipo linagulidwa ndi madola. Petulo amabwera pamsewu kuchokera kumadoko ngati Beira ndi Dar es Salaam. Dizilo wambiri amadzera m'paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inayamba ntchito mu 1968. Kale inkanyamula mafuta osayenga kupita ku fakitale yoyenga mafuta ya Indeni, koma kuyambira mu 2023 imanyamula dizilo woyengeka kale.

Amene amalengeza mtengo wa papampu ndi bungwe la Energy Regulation Board, ERB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995 ndipo pano limayendera lamulo latsopano la 2019. Kuyambira mu 2022 bungweli linayamba kuunika mitengo kumapeto kwa mwezi uliwonse. Zinthu zazikulu zimene limayang'ana ndi ziwiri: mtengo wa mafuta pamsika wa dziko lonse lapansi, ndi mphamvu ya kwacha poyerekeza ndi dola. Pamwamba pake limaonjezera ndalama zonyamulira ndi zosungira, msonkho wa excise, VAT, kandalama ka thumba la mafuta osungira pangozi, phindu la kampani yogulitsa mafuta, ndi phindu la mwini malo omwetsera. Ngati kusintha kwa mwezi umenewo sikunafike pa 2.5 peresenti, mtengo umasiyidwa momwe unalili. Ndipo kuyambira mu 2010 mtengo ndi umodzi dziko lonse: wa ku Kabulonga amalipira chimodzimodzi ndi wa ku Chipata kapena ku Mongu, ndalama zonyamulira zimagawidwa kwa onse.

Tsopano titenge chaka cha 2025. Mu Malichi dizilo anali kupitirira K32 pa lita, pofika mu Julayi anali pafupi ndi K23. Kutsika kotere n'kwakukulu, ndipo zifukwa zake zimaoneka. Kwacha inali pafupi ndi K28 pa dola kumayambiriro kwa chaka, kenaka inalimba mpaka cha m'ma K23. Mafuta pamsika wa dziko lonse anatsikanso m'miyezi yomweyo. Chachitatu, mu Epulo boma linatsegula paipi ya TAZAMA kuti makampani angapo azipikisana podutsitsamo dizilo, ndipo mpikisanowo unachepetsa ndalama zimene oitanitsa amaika pamwamba. Mtengo wa pamsika wa dziko lonse sumvera nduna ya ku Lusaka. Komanso zonsezi zinachitika kutatsala chaka chathunthu kuti tsiku lovota lifike, poti malamulo aakulu a dziko amaika chisankho pa Lachinayi lachiwiri la Ogasiti zaka zisanu zilizonse, ndiye cha 2026 chimagwera pa 13 Ogasiti. Ine ndimaona kuti kutsika kwa 2025 kunali koona, kochokera m'masamu.

Pamene ndale zinalowereradi pa mafuta m'mbuyomu, sizinaonekere kwenikweni pa kutsika. Zinaonekera pa mtengo umene unakana kukwera nthawi imene unayenera kukwera. Apa ndi pofunika kuchedwapo.

Chisankho cha 2016 chinachitika pa 11 Ogasiti. Miyezi yonse ya kampeni petulo anali pa K9.87 ngakhale kwacha inali itagwa kwambiri chaka cham'mbuyo. Patangopita miyezi iwiri, mu Okutobala, anakwera kamodzi n'kamodzi kufika pa K13.70, dizilo kuchoka pa K8.59 kufika pa K11.40. Nkhani yomweyo inabwerezedwa mokulirapo. Mu Disembala 2019 petulo anaikidwa pa K17.62 ndi dizilo pa K15.59, ndipo mitengoyo sinasunthe kwa zaka ziwiri. M'zaka zimenezo kwacha inatsika kuchoka cha m'ma K14 kufika kupitirira K22 pa dola, dziko linalephera kubweza ngongole zake mu Novembala 2020, koma papampu panali zii. Mu Januwale 2021 boma linachotsa VAT pa petulo ndi dizilo n'kuchepetsa msonkho wa excise kuti mtengo usakwere. Anthu anavota pa 12 Ogasiti 2021, boma linasintha, ndipo mu Disembala boma latsopano, lili pa zokambirana ndi IMF, linachotsa sabuside, thandizo la boma limene linkaletsa mtengo kukwera: petulo anafika pa K21.16, dizilo pa K20.15. Misonkho ija inabwerera mu Okutobala 2022.

Ndalama zimene wa minibasi sanalipire papampu m'zaka zimenezo sizinasowe. Zinasanduka ngongole ya boma kwa makampani obweretsa mafuta, ngongole imene amabweza ndi misonkho ya aliyense, kuphatikizapo mayi wa ku Lundazi amene alibe ngakhale njinga yamoto. Zili ngati kukongola ufa pagolosale mwezi wa ukwati: alendo amadya bwino, koma buku la ngongole limatsala m'nyumba. A ku Malawi amaidziwa bwino nkhaniyi. Kumeneko petulo anakhala pa K2,530 ya ku Malawi kuyambira mu Novembala 2023 mpaka kudutsa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, mizere pamalo omwetsera ikukula, ndipo anthu atangovota mtengo unalumphira pa K3,499.

Kotero kunena kuti ERB ndi yoima payokha ndiye boma lilibe chochita pa mtengo, n'kunena theka la zoona. Mamembala a bodi ya ERB amasankhidwa ndi nduna ya zamphamvu. Misonkho ya pa lita siikidwa ndi ERB, imachokera ku unduna wa zachuma, ndipo nduna ingathe kuiimitsa kwa miyezi ingapo ndi chikalata cha lamulo chotuluka mu Gazette. Ndondomeko ya momwe mafuta amalowera m'dziko, ndi yoti paipi igwiritsidwe ntchito ndi ndani, ilinso m'manja mwa boma. Njira zoti boma lifewetsere mtengo zilipo. Ubwino wa kuunika mwezi ndi mwezi ndi wakuti likazigwiritsa ntchito, zimasiya mapazi oonekera.

Mapaziwo nzika ingawatsate yokha. ERB ikamalengeza mitengo imatulutsa chikalata chimene chimasindikizidwa m'manyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo chimatchula momwe mtengo wa kunja ndi kwacha zayendera mwezi umenewo. Chiwerengeni pamodzi ndi mtengo wa dola umene Bank of Zambia imalengeza. Ngati mafuta atsika kunja kapena kwacha yalimba, papampu n'kutsikanso, palibe chodabwitsa ngakhale kampeni itafika pachimake. Ngati kunja akukwera, kwacha ikufooka, koma papampu pangoti chete kapena patsika, funsani chimene chachotsedwa pamndandanda wa zolipira. Kawirikawiri umakhala msonkho. Kuchotsa msonkho pa mafuta si mlandu, ndipo nthawi ya mavuto boma lingakhale ndi chifukwa chomveka chochitira zimenezo. Koma chikalata choimitsa msonkho chimakhala ndi tsiku lothera, ndipo tsiku limenelo liyerekezeni ndi tsiku lovota.

Woimira chipani akabwera pamsonkhano ku Woodlands kapena ku Kabwata n'kulonjeza petulo wotchipa, mafunso omufunsa ndi achindunji: mudzachotsa msonkho uti, kwa nthawi yaitali bwanji, nanga ndalama zimene msonkhowo umabweretsa m'thumba la boma mudzazitenga kuti? Amene ali m'boma akadzitama kuti watsitsa mafuta, afunsidwe kuti pa kutsikako, gawo lochokera pa zochita za boma lake ndi liti, nanga lochokera kumsika wakunja ndi liti.