Liu la Chingerezi Lonena za Kutha kwa Mpweya

Abale athu, ambiri a inu mwaona malemba atatu awa, EXP, pa botolo la mankhwala kapena pa kapepala ka mapiritsi a malungo, ndipo mwafunsa kuti kodi atanthauzanji. Malembawo ndiwo chidule cha liu la Chingerezi lakuti expire. Tiyeni tifukule kumene linachokera, pakuti m'menemo muli nzeru yosunga moyo.

Liu limeneli si la Angerezi eni ake ai. Analibwereka kwa Afalansa cha m'ma 1400, ndipo Afalansawo analitenga ku Chilatini, chinenero chija tinachiphunzira ku seminale. M'Chilatini ex ndiko kunena kunja, spirare ndiko kupuma. Tsono exspirare ndiko kutulutsa mpweya. Muzu womwewo unabala liu lakuti spiritus, limene ife titi mzimu.

Ife a ku Likhubula za mpweya tizidziwa bwino. Anyamata onyamula akatundu a alendo, pokwera ku Chambe kapena ku Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002, apuma wefuwefu. Koma akakhala pa mwala pang'ono, mpweya ubwerera. Kumeneko ndi kuwefuka chabe. Kuli kutulutsa mpweya kwina kumene sikubwerezeka, ndiko kumene ife titi kutsirizika. Chifukwa chake Angerezi anena expire za munthu womwalira. Ndipo m'Buku Loyera la Chilatini, pa Marko 15:37, liu lomweli ndilo linena za imfa ya Ambuye athu pa mtanda.

Pambuyo pake anayamba kulinena ngakhale pa zinthu zopanda mapapo, monga pasipoti, pangano ndi mankhwala. Chinthu chikafika tsiku lake ati chatsirizika, chingakhale maonekedwe ake ali bwinobwino.

Tsono mukaona EXP 08/2027, dziwani kuti mankhwalawo akhulupirika kufikira kutha kwa mwezi wa Ogasiti, chaka cha 2027. Musasokoneze ndi malemba akuti MFG, amene anena za tsiku limene anawapanga. Mankhwala opitirira tsiku lake angathe kuchepa mphamvu; mwana amwa, makolo nakhala phee poyesa kuti amchiza, pamene malungo alikukula m'thupi. Wosadziwa kuwerenga aitane mwana wa sukulu amwerengere asanapereke ndalama ku sitolo; ndipo mankhwala otsala akale muwabwezere ku chipatala, osawasungira pa tsindwi ai.