Nsikidzi za m'chiwindi

Wogulitsa nyama pamsika wa Chilomoni akadula chiwindi cha ng'ombe n'kupeza mitsempha yoyera, yolimba, yolira kherekhethe pampeni, amadziwa kuti waluza. Akafinya mumatuluka nyongolotsi yaphwatalala, Fasciola gigantica. Ng'ombe zambiri zodyedwa mu Blantyre zimachokera ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo nyongolotsiyi zimaitola m'madambo. Mazira amatuluka ndi ndowe, ana amakulira mu nkhono ya m'madzi, kenako n'kumamatira pa udzu kudikira ng'ombe kapena mbuzi.

Ndiye mumva kuti masamba a nimu kapena njere za papaya zimapha nyongolotsi zimenezi. Si bodza kwenikweni. Ofufuza amasungunula zomerazi, n'kuthira pa nyongolotsi m'kambale, ndipo zina zimafadi. Koma amene anachitapo lendi nyumba ya nsikidzi akudziwa kuti kupha nsikidzi yomwe ili pamphasa sikuvuta, madzi otentha ndi dzuwa basi. Ntchito ili pa ija yabisala mumng'alu wa khoma. Chiwindi ndiye khomalo. Mtengo womwe mwamwetsa ng'ombe uyambe wadutsa m'chifu, ulowe m'magazi, ukafike m'njira za ndulu udakali ndi mphamvu, osapweteka ng'ombeyo. Tiana ta nyongolotsi, timene timaboola chiwindi kwa masabata angapo, n'tovuta kuposa pamenepo. Ngakhale mankhwala a albendazole amapha zikuluzikulu zokha. Wofika pa tianato ndi triclabendazole, naye anayamba kulephera ku Australia mu 1995, n'chifukwa chake anthu atembenukira ku zitsamba.

Mlingo nawo ndi nkhani ina. Mu 2012 ofufuza anapeza kuti ombwe wa kuno ku Malawi ulipo mitundu iwiri yooneka chimodzimodzi, wina waululu, wina wopanda kanthu. Mlimi angausiyanitse bwanji ndi maso?

Ine ndimaona kuti zomera zimathandiza kwambiri kumene nsikidzi zikuchokera, ku nkhono zija, osati pamene zalowa kale. Mu 1964 wofufuza Aklilu Lemma anaona nkhono zakufa kumunsi kwa malo amene amayi a ku Adwa, ku Ethiopia, ankachapira ndi zipatso za chomera chotchedwa endod. Ombwe waululu uja nawo umapha nkhono, koma umaphanso nsomba, ndiye osakauthira mumtsinje wa Likhubula. Ng'ombe yoonda, yotupa pansi pa chibwano, ikufunika alangizi a ziweto ndi mankhwala oyeza mlingo.