Gasi wa firiji ndi eyakoni sasakanizidwa



Kutentha kwa Okutobala kukafika, ambiri a ife timadalira firiji. Ena timagulitsa mafirizi ndi thobwa lozizira pa Njuli kapena pa Mbulumbuzi, ena timasungamo ndiwo. M'nyumba ndi m'maofesi ena mulinso makina oziziritsa chipinda, aja timati eyakoni. Makinawa akasiya kuziziritsa, kawirikawiri timauzidwa kuti "gasi watha, tingowonjezera." Apa ndi pofunika kusamala, chifukwa gasiyu ali m'mitundu yosiyanasiyana.

Mafiriji ambiri akale amayendera R134a, pomwe atsopano amayendera R600a. Maeyakoni akale amayendera R22, atsopano R410A kapena R32. Makina aliwonse anapangidwira mtundu umodzi wokha, ndipo dzina lake limalembedwa pa kapepala komatidwa pa makinawo.

Mitundu iwiri ikasakanizidwa, kompuresa, injini yomwe imapopa gasi, ndiyo imavutika. R410A imakankha mapaipi mwamphamvu kwambiri kuposa R22, choncho m'makina akale ikhoza kuphulitsa polumikizira. Oyilo wa mu kompuresa amayenderanso mtundu wa gasi. Akakumana ndi gasi wosayenera, oyiloyo sabwerera bwino ku kompuresa, ndipo imatentha mpaka kupsa. Isanafe, imakhala ikudya mayunitsi a ESCOM popanda kuziziritsa kwenikweni.

Choopsa kwambiri ndi moto. R600a imayaka msanga. Mafiriji opangidwira gasi ameneyu anakonzedwa moti zida zothetheka zisakumane naye, koma firiji ya R134a ilibe chitetezo chotere. Gasi wachinyengo aliponso pamsika. Mu 2011, makontena oziziritsa katundu wa m'sitima zapanyanja anaphulika ku Vietnam ndi ku Brazil, ndipo anthu atatu anamwalira. Mwa makontenawo munathiridwa gasi wabodza wa R134a wosakaniza ndi R40.

Tidziwenso kuti gasi satha ngati mafuta a galimoto. Amazungulira m'mapaipi otsekeka, ndiye akachepa, pena pake pabooka. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wapeza pobookapo n'kutseka, amachotsa zotsalira zonse ndi pampu, kenako amathira gasi wolembedwa pa makinawo pamlingo wake. Tisanalipire, tione ngati dzina la pa silinda yake likufanana ndi la pa makina athu. Gasi wosakanizidwa sangalekanitsidwe pakhomo, amachotsedwa yense.

Kwa a komiti: R22 ikuthetsedwa potsata pangano la Montreal la 1987 loteteza mpweya wa ozoni, ndipo mayiko ngati Malawi akuyenera kusiya kuitanitsa gasiyu pofika 2030. Tikamagula eyakoni yogwiritsidwapo kale ntchito, tipewe ya R22, popeza gasi wake adzasowa. Ndalama za mzikiti ndi amaana m'manja mwathu.

Ophunzira, mukafika kunyumba werengani kapepala ka pa firiji, mulembe dzina la gasi, muwapatse makolo asunge. Allah atiteteze ife ndi mabanja athu.