Kusankha malo ogona otchipa ku Nkhotakota pamene mabanja angapo ayenda pamodzi

NKHOTAKOTA: Chaka ndi chaka, pa tsiku la Anakubala pa 15 October, pa Khrisimasi komanso pa Pasaka, misewu yopita ku nyanja ya Malawi imadzaza ndi galimoto za mabanja ochokera m'mizinda. Ena mwa anthuwa ndi ogwira ntchito m'boma amene amasonkherana ndalama, mabanja atatu kapena anayi, pofuna kuti ulendo upepuke.

Boma la Nkhotakota, lomwe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Salima, lili ndi mwayi woti nyanja, nkhalango ya nyama zakutchire ndi malo a mbiri yakale zili moyandikana. Koma zinthuzi sizili pa khomo limodzi, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa masamu. Iwo amafunsa mtengo wa chipinda pa usiku umodzi, nasankha chotsika kwambiri, osawerengera mafuta a galimoto ndi chakudya, zomwe kawirikawiri zimadya ndalama zambiri kuposa kogona.

Malo ogona alendo m'bomali tingawagawe patatu. Pali maresitihausi ndi maloji ang'onoang'ono a pa boma penipeni, pafupi ndi msika ndi msewu wa M5. Pali malo a m'mbali mwa nyanja, makamaka kummwera kwa boma, kudera la Sani kulowera ku Chia, komwe kuli mchenga wabwino ndi malo odziwika monga Nkhotakota Pottery Lodge. Ndiye palinso malo a m'nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve ndi m'malire mwake, kufupi ndi mtsinje wa Bua.

Zipinda za pa boma ndizo zimakhala zotsika mtengo. Ubwino wake ndi woti msika, zipatala, mabanki ndi malo omwetsera mafuta zili pafupi. Kwa mabanja ofuna kuonetsa ana mbiri ya dziko lawo, pano mpoyenera. Pali mtengo wa mkuyu umene umakumbutsa za kukumana kwa David Livingstone ndi Jumbe pa nkhani ya malonda a akapolo m'zaka za m'ma 1860. Palinso tchalitchi cha Anglican cha All Saints, pomwe panaikidwa bishopu Chauncy Maples amene anamira pa nyanja m'chaka cha 1895. Ndi ku Nkhotakota komweku kumene chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu wa m'chaka cha 1960.

Komabe ana sapita ku nyanja kukaona mitengo ndi manda. Iwo amafuna madzi, m'mawa ndi madzulo omwe. Tiyerekeze kuti malo osambira amene gulu lasankha ali pa makilomita 15 kuchokera kogona. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 30, ndipo galimoto zikakhala zitatu ndi makilomita 90 pa tsiku. Pa masiku anayi afika 360, zomwe zikungotsala pang'ono kufanana ndi galimoto imodzi kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Nkhotakota ndi kubwereranso. Kuonjezera apo, malo ena a m'mbali mwa nyanja amalipiritsa alendo ongobwera kudzasewera masana, munthu aliyense payekha. Ndalama imene inapulumutsidwa pa chipinda imathera pamenepo.

N'chifukwa chake gulu limene cholinga chake chachikulu ndi nyanja lingachite bwino kugona ku nyanja komweko, n'kuchepetsa mtengo mwa njira zina. Njira yoyamba ndi kufunsa mmene malowo amawerengera mtengo. Ena amalipiritsa pa chipinda, ena pa munthu, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Mabanja atatu okhala ndi akuluakulu 6 ndi ana 8 ndi anthu 14. Pamene amawerengera zipinda, anthuwa angathe kukwana m'zipinda zisanu. Pamene amawerengera mitu, bilu imayendera anthu onse 14, pokhapokha ngati ana ali ndi mtengo wawo wapadera, ndipo msinkhu umene mwana amayamba kutengedwa ngati wamkulu umasiyana malo ndi malo. Nkoyenera kufunsanso ngati mtengo umene watchulidwa waphatikiza kale msonkho wa VAT ndi msonkho wa zokopa alendo, ngati muli chakudya cha m'mawa, komanso ngati ndi wa makwacha kapena wa madola. Kuchokera pomwe ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wotchulidwa m'madola ndi wofunika kuusamala kwambiri. Malo ambiri ali ndi mtengo wa nzika za dziko lino, koma amaupereka kwa amene waufunsa.

Njira yachiwiri, yomwe ndi yaikulu kuposa zonse, ndi khitchini. Anthu 14 akamadya katatu pa tsiku kwa masiku anayi, ndi mbale 168. Kugula mbale zonsezi pa lesitilanti ya pa loji, ngakhale itakhala yotchipa chotani, si za munthu wodikira malipiro a pa mwezi. Nyumba yokhala ndi pophikira, kapena malo ololeza alendo kudziphikira, imasintha ulendo wonse. Nkhotakota ndi kwawo kwa mpunga ndi chinangwa cha kondowole, ndipo usipa ndi nsomba zina zimapezeka pa madoko m'mawa asodzi akamatuluka. Ufa, mafuta ophikira, nyemba ndi silinda ya gasi zingathe kuchokera kunyumba. Eni malo ena sakondwa alendo akabwera ndi miphika yawo kaamba koti phindu lawo lili pa chakudya ndi zakumwa, ndipo palibe chowadzudzulira. Chofunika ndi kumvana pa foni ulendo usanayambe, osati kukakangana pa chipata ana atatopa m'galimoto.

Matenti nawo amathandiza. Malo amene ali ndi bwalo lomangapo matenti amapereka mwayi woti anyamata akuluakulu agone panja, pomwe agogo ndi amayi a ana aang'ono atenga zipinda.

Za nkhalango, masamu ake ndi ena. Nkhalango ya Nkhotakota, yomwe ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800, yakhala ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za malo osungirako nyama zakutchire kuyambira m'chaka cha 2015. M'zaka za 2016 ndi 2017 kunabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Maloji ena a mkatimu anamangidwa poganizira alendo akunja, choncho kwa gulu la mabanja n'kwanzeru kupatula tsiku limodzi, kulawira m'mamawa, n'kubwerera kukagona ku nyanja. Amalawi amalipira ndalama yocheperapo pa chipata, motero aliyense wamkulu asaiwale chiphaso chake cha unzika. Nkhalangoyi ndi yowirira, ndipo njovu sizioneka mwachisawawa ngati ku Liwonde. Ana auzidwiretu.

Pali zinthu zina zomwe kutchipa sikuyenera kuzikhudza. Dera la m'mbali mwa nyanja ndi la malungo, ndipo bedi lililonse, ngakhale matiresi oonjezera a ana, liyenera kukhala ndi neti yosang'ambika. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, womwe unali waukulu koposa m'mbiri ya dziko lino, unaonetsa kufunika kofunsa komwe madzi akumwa amachokera ndi mmene zimbudzi zilili. Madzi odekha a m'mabango ndi omwe mumapezeka nkhono zofalitsa likodzo, ndipo kufupi ndi mathiriro a mitsinje monga Bua komanso ku Chia kumakhala ng'ona. Malo ovomerezeka amakhala ndi chiphaso cha boma, ndipo mlendo ali ndi ufulu wopempha kuchiona.

Nyengo nayo iganiziridwe. Kuyambira May mpaka August kumaomba mphepo ya mwera ndipo nyanja imachita mafunde oopsa kwa ana. M'dzinja, tinjira tafumbi tochoka pa M5 kupita ku nyanja timavuta kwa galimoto zing'onozing'ono. Mu February 2024 madzi osefukira anaononga msewu ndi nyumba kudera la Dwangwa, ndipo m'chaka chomwecho nyanja inakwera mpaka kumiza mchenga wa malo ambiri ogona alendo. Choncho zithunzi za pa Facebook zisakhale umboni wokwanira. Gulu lipemphe zithunzi zatsopano, kapena litume mnzawo wogwira ntchito pa boma la Nkhotakota kuti akaone ndi maso.

Pa ndalama, gulu lisankhe msungichuma mmodzi, ndipo ligwirizane lisananyamuke ngati zopereka zikhale pa banja kapena pa munthu, poti banja la ana awiri ndi la ana asanu sadya mofanana. Ndalama ya chikole ikatumizidwa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, eni malo atumize uthenga wolembedwa wosonyeza masiku, chiwerengero cha zipinda, mtengo wonse, ndi zomwe zingachitike banja limodzi likalephera kubwera.