Dipo la Mbale

Ulaliki wa ku Dzoole. Kuwerenga: Levitiko 25:47-49 ndi Yohane 8:31-36.

Liwu lakuti kapolo si lachilendo m'mapiri athu ano. Makolo athu analidziwa ndi misozi. Pamene nkhondo za Angoni zinalowa m'dziko lino, ambiri anasiya minda yawo nabisala m'nkhalango ya phiri la Ntchisi. Ogwidwa ena anatsika nawo kunyanja kwa Jumbe ku Nkhotakota, goli lili m'khosi, nawolotsedwa m'zombo kunka ku misika ya Kilwa ndi Zanzibar. Dotolo Livingstone anafika ku Nkhotakota mu 1861, naziona ndi maso ake. Ndipo malondawo sanathe msanga, pakuti Mlozi wa ku Karonga anagonjetsedwa mu 1895, mishoni ya Mvera itakhala kale zaka 6. Tisabisenso ichi: sanali alendo okha ogulitsa anthu. Analipo amalume amene anapereka mwana wa mlongo wawo chikole cha mlandu, kapena kumsinthitsa ndi nsalu.

1. Kodi Buku Lopatulika livomereza ukapolo?

Ena atero, popeza Abrahamu anali nawo akapolo, ndipo Paulo analangiza akapolo kuti amvere ambuye awo. Eni akapolo a ku America anadzitchinjiriza ndi mawu omwewo. Nzoona kuti chilamulo cha Mose chinapeza ukapolo ulipo, ndipo sichinauchotse tsiku limodzi. Koma taonani kumene chiloza. Wakuba munthu kukamgulitsa chimweruza imfa (Eksodo 21:16). Kapolo Mhebri atumikire zaka 6, pamenepo amasuke. Kapolo wothawa asambwezere kwa mbuye wake (Deuteronomo 23:15). Ndipo Paulo yemweyo, pobweza Onesimo kwa Filemoni, anampempha kuti amlandire monga mbale wake. Tsono kodi munthu angagulitse bwanji iye amene adya naye pa gome la Ambuye?

2. Liliponso goli losaoneka.

Ayuda ananyada pamaso pa Yesu kuti sanakhalepo akapolo a munthu, naiwala Aigupto ndi Babulo. Koma Ambuye anawaonetsa kuti yense wochita tchimo alamulidwa nalo. Ifenso tinyada kuti tili mfulu. Nanga bambo uja amene agulitsa fodya wake, natha ndalama zonse ku kachasu, ana ali opanda fundo, nalumbira m'mawa kuti waleka, madzulo wabwereranso komweko, kodi ali mfulu? Nanga mayi womanga chithumwa m'chiuno mwa mwana, wosagona tulo chifukwa choopa mfiti? Nanga iwe wosunga chidani ndi mbale wako zaka khumi chifukwa cha malire a munda? Kapolo wa Jumbe anadziwa kuti ali womangidwa, nalira. Kapolo wa tchimo aseka, nati, Ndichita chimene ndifuna.

3. Adzatiwombola ndani?

Womangidwa m'goli sakhoza kulidula yekha, pakuti manja ake safikako. Levitiko atiphunzitsa kuti Mwisraeli akasauka nadzigulitsa kwa mlendo, mbale wake wapafupi anali ndi ufulu wakudza ndi dipo kudzamuwombola. Ife Achewa tichimva bwino chimenechi, popeza wakuwombola munthu pa mlandu ndiye mwini mbumba. Chifukwa chake Mwana wa Mulungu anavala thupi lathu, kuti akhale mbale wathu weniweni (Ahebri 2:14-17). Amalume aja anapereka mphwawo kuti apulumuke iwo eni. Mbale uyu anadzipereka yekha kuti ife tibwerere kwathu. Dipo lake silinali nsalu kapena mkanda, koma mwazi wake.

Potsiriza, mawu awiri. Loyamba kwa iwe wolemedwa: leka kulimbana nalo goli m'mphamvu yako, ulula tchimo lako, itana Wowombola, ndipo funa akulu a mpingo akupempherere. Lachiwiri kwa mpingo wonse: m'midzi mwina, pakabuka nkhani ya ukwati kapena ya ufumu, amveka mawu akuti, Aja ndi mbumba ya akapolo. Abale, mawu otere asatuluke m'kamwa mwa Mkhristu. Inu aphunzitsi, muwaletse pakati pa ana. Tonse tinali m'goli limodzi, ndipo tonse tinagulidwa ndi mtengo umodzi. Amen.